Maenje a Jailosi Mkwapatira

Kuseri kwa mapiri a Musafunse kuli ufumu wotchedwa Zilibwino. Dzinali silinabwere ndi makolo ayi, linachokera pa moni. Kumeneko munthu ukamupeza ali pansi pa ngolo yogudubuzika, miyendo ili m'mwamba, n'kumufunsa kuti zikuyenda bwanji, amayankha kuti, "Zili bwino," kenako n'kutembenuza khosi kuti aone ngati wapolisi wamva.

Mfumu yake inali Saonapansi Wachinayi, munthu wofewa mtima ngati nthochi yakupsa, amene chibadwire phazi lake linali lisanapondepo dothi. Mwambo wa kumeneko unali wakuti mfumu ikamayenda, patsogolo pake pamathamanga amuna otchedwa Akatsogola. Iwowa ankayala chimkeka cha phula pamsewu, galimoto ya mfumu n'kudutsa, iwo n'kupinda chimkekacho, n'kuthamanga nacho kukachiyalanso kutsogolo. Ena ankanyamula mitengo yobzala m'zidebe. Ena ankakusa ng'ombe zonenepa zomwezomwezo, zimene mfumu inaziona m'boma lililonse la ufumu wake, n'kumadabwa kuti ng'ombe za ku Zilibwino zimafanana nkhope.

Panalinso mwambo wina, ndipo ndi umene unam'dya mnzathu Jailosi Mkwapatira. Agogo ake a mfumuyi, atatopa ndi woimba bangwe wina amene nyimbo zake anthu ankaziseka mopitirira muyeso, analamula kuti aluso onse ndi chuma cha dziko. Ndipo chuma, monga mukudziwa, sachisiya panja. Choncho aliyense amene Bwalo la Zaluso lamugamula kuti ndi waluso amamuveka chipewa cha nthenga za nkhanga, kumuimbira lipenga, n'kupita naye ku mudzi wa Pumulani, kumene kuli mpanda wautali wa mabotolo osweka pamwamba, kuopa akuba. Olowako analowa ambiri. Wotulukako sanamvekepo. N'chifukwa chake ku Zilibwino wosema ziboliboli amati amagulitsa nkhuni zokongola, ndipo mlakatuli amati amangoyankhula yekha chifukwa cha malungo.

Jailosi anali wowotcherera zitsulo pamsika wa Tingopirira, mumzinda waukulu wa Omberani. Ankapanga mageti, mabedi, mbaula ndi akatungwe a ana a sukulu ya mkaka. Manja ake analibe mlandu. Vuto linali khosi. Geti akalimaliza ankabwerera m'mbuyo, n'kupendeketsa mutu, n'kumaliyang'ana ngati mnyamata woyang'ana mbeta pachitsime. Mkazi wake Nasibeko, amene ankakazinga zigege pafupi ndi shedi yake, ankamuchenjeza tsiku ndi tsiku.

"Bambo a Dolika, ongolani khosilo. Anthu opendeketsa mutu choncho onse ali ku Pumulani."

Chaka china mfumu inapita kunja kukapimitsa magazi, popeza magazi a mfumu sapimidwa kwawo. Kumeneko anakaionetsa paki yamasewera, ija yokhala ndi zigudumu zokweza anthu m'mwamba ndi tisitima tothamanga mozondoka. Inabwerako mtima uli dyokodyoko, n'kulamula kuti Zilibwino akhalenso ndi yake. Ntchitoyo inaperekedwa kwa Nduna ya Zooneka Bwino, a Phwitiko, mkulu wa Akatsogola komanso wapampando wa Bwalo la Zaluso, munthu amene mimba yake inkalowa m'chipinda iye mwini akadali pakhonde.

Ndalama za pakiyo zinanyamuka zathanzi ku Thumba la Ufumu, koma m'njira zinadwala, zinaonda, ndipo pofika pamalo a ntchito zinali zongokwana kugulira mbendera ndi sizasi yodulira riboni. Apo ndi pomwe a Phwitiko anakumbukira kuti pamsika pali wowotcherera. Anam'tengera Jailosi kudzala la katundu wa boma, kumene kunali maminibasi akufa, mawindo a maofesi otsekedwa ndi mababu opserera.

"Tipangire chinachake chozungulira," anatero a Phwitiko akutokosa m'mano. "Mfumu ikufuna chozungulira."

Jailosi anali asanaonepo paki chibadwire. Koma anayang'ana dzala lija, n'kupendeketsa mutu.

Choyamba anapanga Minibasi ya ku Tifikaliti. Tifikaliti ndi msewu wochoka ku Omberani kupita kumapiri, umene amayi apakati amaukwera dala akafuna kuchira msanga. Jailosi anatenga chigoba cha minibasi, n'kuchiika pa njanji yozungulira yokhala ndi maenje, n'kulemba kondakitala weniweni woti azikuwa kuti, "Sunthani, mayi, mpandowo ndi wa anthu asanu!" Pakati pa ulendo minibasi inkafa, onse n'kutsika kukankha.

Chachiwiri chinali Mzere wa Feteleza. Unkalowa m'kanjira kokhotakhota ka mipanda yachitsulo, padzuwa, wakutsogolo akukuponda, wakumbuyo akukupumira m'khosi. Ukangofika pawindo, chitseko chake chinkagwa chokha kuti gubudu, ndipo mawu ankatuluka m'kati: "Bwerani mawa."

Chachitatu chinali Nyumba ya Magetsi, m'mene ankakukhazika pampando wometera, makina n'kuyamba kulira bwinobwino m'mutu, n'kuthima atameta mbali imodzi. Ndipo chozungulira chija chinalipo: Chigudumu cha Malonjezo, chimene chinkakukweza m'mwamba kuti uone milatho, zipatala ndi masukulu zojambulidwa pa malata, kenako n'kukutsitsa pomwe unakwerera pompaja.

A Phwitiko anadula riboni, anajambulitsa, n'kunyamuka osalowa m'kati. Koma anthu analowa. Aa, anthu analowa! Ankachoka pa mzere weniweni wa feteleza, thukuta lili kamukamu, n'kudzagula tikiti yoimira pa mzere wa Jailosi. Chitseko chikagwa ankaseka mpaka kukhala pansi, n'kudzukanso kukayambira kumbuyo. Mlendo wina wamalonda anafunsa mayi wogulitsa tomato kuti misala yotereyi njotani, kulipira kuti uvutike ndi zomwe umavutika nazo kwaulere.

"Achimwene, simukudziwa," anayankha mayiyo akupukuta misozi ndi chitenje. "Kuno mavuto amatha belu likalira."

Zinthu zikanathera pomwepo bwenzi Jailosi akuwotcherabe mbaula mpaka lero. Koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anayamba kuvala jekete pamwamba pa ovolosi. Anayamba kumaima pafupi ndi minibasi yake, manja kumbuyo, n'kumamvetsera kukuwa kwa anthu ngati mphunzitsi wa kwaya. Ndipo pamalo omwera chibuku anayamba kumanena mawu oopsa aja, poyamba monong'ona, kenako mokweza botolo likafika theka: "Zimene ndapangazi si zitsulo chabe."

Pa nthawi yomweyo a Phwitiko anali atayamba kumva kutentha. Galimoto yawo ikamadutsa pamsika, a kabaza, ogulitsa makala ndi ana omwe ankaimirira mwaulemu, n'kuwerama, n'kunena onse pamodzi kuti, "Bwerani mawa, bwana!" Atafufuza anapeza kuti windo lija Jailosi analitola padzala linali la ofesi yawo yomwe, utoto wake womwewo. Kum'manga sakanatha, chifukwa ku Zilibwino kulibe mlandu wonyoza, popeza kulibe chonyozeka. Koma panali njira ina yaulemu. Wapolisi wa panjinga anafika pamsika kudzalengeza kuti Bwalo la Zaluso likhala pansi kuti liweruze ngati kupanga paki ndi luso kapena ayi.

Msika wonse unamvetsa tanthauzo lake. Wometa anayamba kufunsa ngati shedi ya Jailosi ichititsidwe lendi. Wosoka nsapato anabwera kudzabwereka hamala, ati mwini wake saigwiritsanso ntchito.

Madzulo ake Nasibeko anam'khazika mwamuna wake pachigubu, iye n'kuima patsogolo pake ndi chipande chovuulira zigege.

"Tayesani. Ine ndine a Phwitiko. Bambo inu, ndinu ndani?"

"Ndine wowotcherera."

"Wowotcherera chiyani?"

"Wowotcherera basi."

"Nanga pakiyo n'chiyani?"

"Ndi… ndi ntchito imene munthu akaiyang'ana bwino…"

Chipande chinagunda chigubu. "Ndi zitsulo! Zitsulo zadzimbiri! Nenani."

"Koma mayi a Dolika, dzimbiri ndinalipala lonse."

"Mupita ku Pumulani inu. Mupita, ine n'kutsala ndi ana ndi jekete. Mukakhala m'bwalomo, akakutukwanani muziti zikomo. Akakuyamikirani muziti bodza. Mwamva?"

Jailosi anati wamva. Anakumbukira mnzake wina woumba miphika amene anangowonjezera duwa pakhosi pa mtsuko, n'kupita ndi lipenga.

Bwalo la Zaluso linali ndi akuluakulu ambiri, koma waluso munalibe ndi mmodzi yemwe, pa chifukwa chomwe mukuchidziwa kale. Munali akuluakulu a polisi opuma, alamu a nduna, ndi a Gwaladi, amene kale anali ndi butchala ndipo anaikidwamo chifukwa chodziwa kusiyanitsa nyama ndi fupa. Jailosi anamuimika pakati. Nasibeko anakhala kumbuyo pabenchi la anthu wamba, maso ali pa khosi la mwamuna wake.

A Phwitiko anaimirira, n'kuyamba kum'tamanda munthu amene ankafuna kum'kwirira.

"Akuluakulu! Dziko lino lakhala likubala chimanga, fodya ndi nduna. Koma lero labala nyenyezi! Taonani manja awa. Kodi awa ndi manja a munthu wamba? Munthu uyu watenga chitsulo chakufa n'kuchiuzira mpweya. Tingamusiye bwanji munthu wotere kumagona m'nyumba ya chitseko cha thabwa, akuba ali ponseponse?"

Mawu aja anam'lowa Jailosi ngati tiyi wa mkaka m'mawa wa Juni. Chibadwire palibe anali atamunenerapo zotere. Khosi linayamba kupendekeka lokha. Kumbuyo kunamveka chifuwa cha Nasibeko.

"Bodza, bwana," anatero Jailosi. "Ndine wowotcherera basi."

Ndiye mtsutso unayamba, ndipo unali wa anthu ophunzira. Mkulu wina wa polisi anati luso ndi chinthu chimene chimakoloweka pakhoma, ndipo minibasi singakoloweke. Mlamu wina wa nduna anati iye anapitako kunja, ndipo kumeneko luso lenileni umalidziwa chifukwa anthu amaliyang'ana akuyasamula, tsono chinthu chimene amayi a tomato amachikonda sichingakhale luso. Wina anati luso silisanzitsa. Wina anamutsutsa, ati ndakatulo ya pa tsiku lobadwa la mfumu chaka chatha inam'sanzitsa iye, kenako anazindikira chomwe wanena n'kupempha kupita kukataya madzi.

Jailosi ankangoti, "Zikomo, zikomo," koma zikomo aliyense ankatuluka wowonda kuposa mnzake.

Kenako anaimirira a Gwaladi. Iwowa analibe naye chifukwa Jailosi. Ndipotu ankafuna kum'pulumutsa, chifukwa ndi amene anawapangira zokolowekera nyama.

"Akuluakulu, tisatayepo nthawi. Ine ndakwera minibasi imeneyo. Ndi maenje basi. Munthuyu anangowamwaza mwachisawawa ngati nkhuku yopalasa. Mwana aliyense mutam'patsa khasu angakumbe zomwezo. Mulekeni azipita kwawo."

Ufulu unali pomwepo, chitseko chili pululu. Jailosi ankangofunika kunena zikomo mmodzi.

"Mwachisawawa?" anatero Jailosi.

"Bambo a Dolika!" anatero Nasibeko.

"Ayi, mayi, dikirani. A Gwaladi, mwati nkhuku? Dzenje loyamba ndi laling'ono, longokupatsani moni. Lachiwiri limabwera msanga kuti mugwire mpando. Kenako ndimakusiyani. Njanji imasalala, mumayamba kumasula manja, mumatembenuka kuti muuze mnzanu kuti zatha, ndiye pamene pakamwa pali yasa, lachitatu! Mukuganiza kuti linadziika lokha pamenepo? Ndinalisuntha kangati dzenje limenelo, kufunafuna pamene munthu amayamba kukhulupirira? Wang'oma amaimba pa chikopa. Wosema amasema mtengo. Ine ndimaimba pa mimba za anthu! Munthu amalowa pageti langa atakwinya nkhope, ndimam'tenga, ndimam'kweza, ndimam'gwetsa, ndimam'bweza kwa mkazi wake akuseka. Chithunzi mumangochiyang'ana. Changa mumalowamo ndi matako omwe!"

A Phwitiko ankamwetulira ngati mphaka amene mbewa yam'gogodera pakhomo. Nasibeko anavula mpango kumutu, n'kuupinda bwinobwino, n'kuphimba nawo nkhope.

Komabe pokweza manja anapezeka kuti agawikana pakati ndi pakati, chifukwa ena anali m'tulo ndipo anadzutsa dzanja pa mbali yolakwika. Mwa mwambo, zikatero mlandu umapita kwa mfumu. Ndipo mfumu, imene inali itaiwala kuti inalamula paki, inati ikufuna ikaone yokha.

Apa a Phwitiko kumwetulira kunawathera. Akatsogola anagwira ntchito yawo monga mwa masiku onse, mkeka wa phula, mitengo ya m'zidebe, ng'ombe zija. Koma malamulo a ntchito yawo amanena za misewu, sanena za paki. Mkeka unathera pageti. Mfumu anainyamula pampando mpaka m'minibasi, nduna zonse n'kudzipanikiza kumbuyo kwake, Jailosi n'kumukhazika pambali pake kuti azifotokoza. Kondakitala, amene ntchito inali itam'lowa m'magazi, anakuwa kuti, "Sunthani, adadi, mpandowo ndi wa anthu asanu!" n'kukomoka yekha atazindikira.

Minibasi inanyamuka. Dzenje loyamba linapereka moni wake. Mfumu inadumpha pang'ono, n'kugwira chisoti, maso ali tong'o.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Dzenje, Mfumu," anatero Jailosi.

"Dzenje? Pamsewu?"

"Pamsewu, Mfumu."

"Dzenje pamsewu!" Mfumu inaomba m'manja. "A Phwitiko, mwamva? Munthuyu waika dzenje pamsewu! Zimenezi amaziganiza bwanji?"

Pa lachitatu chisoti chinagunda denga, mano a nduna ina n'kugwera m'thumba la inzake, ndipo mfumu inaseka mpaka kutsamwa. Minibasi itafa, mfumu itamva kuti okwera ayenera kukankha galimoto imene alipira kuti iwanyamule, inapempha kuti aibwerezere mawuwo pang'onopang'ono kuti iwasunge.

Pa Mzere wa Feteleza inakana kunyamulidwa. Inaima pamzere koyamba m'moyo wake, ikusuzumira kutsogolo ngati mwana. Chitseko chinagwa. "Bwerani mawa."

"Ndiye mawa ukabwera amakupatsa?"

"Mawa amanenanso chimodzimodzi, Mfumu."

Mfumu inagwira mpanda kuti isagwe. Misozi inkatsika m'masaya mwake. M'Nyumba ya Magetsi inatuluka mutu uli wometa mbali imodzi, ndipo inaletsa aliyense kumaliza, moti pofika madzulo nduna zonse zinali zitametetsa chimodzimodzi.

Pomaliza inakhala pampando wake pakati pa paki, khamu la anthu litazungulira, apolisi atazungulira khamulo.

"A Phwitiko, inu mumayenda m'dziko muno kuposa ine. Munaonapo dzenje pamsewu?"

A Phwitiko anapukusa mutu. "Chibadwire, Mfumu."

"Mzere wa anthu padzuwa? Magetsi othima okha?"

"N'zachilendo zedi, Mfumu. Ngakhale kumaloto."

"Ndiye mukutsutsana chiyani? Ine kunja ndinaona mapaki. Amangotengera zomwe zilipo, mahatchi, sitima, nyumba za mafumu. Koma uyu wapeka dziko lathunthu kuchokera m'mutu mwake, dziko loti silinakhalepo ndipo silingakhalepo! Ngati limeneli si luso, luso n'chiyani? Bweretsani chipewa!"

Jailosi anaona wa lipenga akupukuta milomo. Anaona Nasibeko kutsogolo kwa khamu, mwana kumsana, akum'yang'ana ndi maso ouma. Pamenepo mowa wa matamando unam'tsika, n'kuona kuti kwatsala kakhomo kamodzi kokha. Wokopera si waluso. Anagwada.

"Mfumu, ndikhululukireni. Sindinapeke kanthu. Ndinangokopera."

"Kukopera kuti?"

"Maenjewo ndi a msewu wa Tifikaliti. Mzerewo uli kuseri kwa msika, ngakhale panopa ulipo. Windolo ndi la ofesi ya…" Anayang'ana a Phwitiko. "Ndi la ofesi ina yake."

Mfumu inakwinya nkhope mbali yometedwa.

"Tifikaliti? Ndinadutsako mwezi watha. Msewu wosalala ngati tsaya la khanda. Kuli ng'ombe zokongola." Inatembenukira ku khamu. "Anthu anga! Uyu akuti m'misewu mwathu muli maenje. Akuti mumaima pamizere. Zikuyenda bwanji kumeneko?"

Anthu anayang'ana mfumu. Anayang'ana Jailosi, amene anawaseketsa miyezi yonseyi, ndipo ankam'konda ndithu. Kenako anayang'ana apolisi.

"Zili bwino!"

Jailosi amalumbira kuti ngakhale milomo ya Nasibeko inagwedera. Nasibeko amati ankatafuna chingamu.

"Mwaona?" inatero mfumu, itagwira phewa la Jailosi mwachikondi. "Aluso enieni amatero. Amapeka chinthu mpaka kuyamba kuchikhulupirira okha. Munthu wotere ngofunika kum'sunga bwino."

Chipewa cha nthenga za nkhanga chinatera pamutu. Lipenga linalira. Ndipo ndinene zoona, pansi pa mantha onsewo, kamtima kena ka Jailosi kanavina.

Koma mfumu inali isanamalize. Inati si chilungamo kuti zokoma zotere azidyerere a mumzinda okha. Inalamula kuti luso la Mkwapatira lifalikire m'dziko lonse: msewu uliwonse ukhale ndi maenje, ofesi iliyonse ikhale ndi mzere, magetsi azithima mudzi ndi mudzi, ndipo aliyense wokwirira dzenje kapena kulisintha maonekedwe aimbidwe mlandu woononga chuma cha dziko. Inafunsa a Phwitiko kuti ntchito yaikulu chotere ingatenge zaka zingati.

M'mawa mwake a Phwitiko anakanena kunyumba yachifumu kuti ntchito yatha. M'mbiri yonse ya Zilibwino, imeneyi ndi ntchito yokhayo ya boma imene inatha nthawi yake isanakwane, ndipo a Phwitiko analandira mendulo.

Tsiku lomwelo Jailosi anakwezedwa pa lole ya boma, apolisi awiri m'mbali mwake, ulendo wa ku Pumulani. Msika wonse unabwera kudzatsazika. Wosoka nsapato anabwera ndi hamala ija kudzaonetsa kuti akuisamala. Nasibeko anam'ponyera kathumba ka zigege.

"Ndinati ongolani khosi," anatero.

Njira ya ku Pumulani imadzera ku Tifikaliti. Lole inkagwa, kudzuka, kugwanso, nthenga za nkhanga zikuthothoka imodziimodzi. M'mbali mwa msewu anali atakhoma kale zikwangwani zatsopano zonena kuti maenjewa ndi ntchito ya manja a Mkwapatira, musakhudze.

"Bwana, ndinu katswiri," anatero wapolisi wina atagwira msana. "Ili lokha landifika mpaka m'mano."

Atadutsa msika wa Mangodikira, pamalo pamene msewu umatsetsereka, panali dzenje lina limene anthu akumeneko ankalitcha Agogo, chifukwa maenje ena onse anabadwa ilo likuona. Dalaivala analizemba kumanja, Agogo analinso kumanja. Lole inalowa yonse, n'kukhala pansi mwaulemu, denga lokha likuonekera.

Palibe anavulala. Anthu a m'mudzi anathamanga ndi makasu kuti agumule m'mphepete lole ituluke, koma wapolisi wamkulu anawaimitsa. Kugumula dzenje n'kusintha maonekedwe a luso. Kuthiramo miyala n'kulikwirira. Wina anati waluso atsike ayende wapansi, koma lamulo limati chuma cha dziko chimanyamulidwa, sichiyenda chokha. Kubwerera nayenso sikukanatheka, chifukwa chipewa chikavalidwa sichivulidwa. Anatumiza uthenga ku likulu kuti Bwalo la Zaluso ligamule, ndipo Bwalolo linasankha komiti yoti ikaone dzenjelo, koma komitiyo imadzera msewu womwewo.

Choncho Jailosi Mkwapatira, waluso woyamba wa zamapaki m'dziko la Zilibwino, ku Pumulani sanafike, ndipo kwawo sanabwerere. Amakhala m'lole, m'dzenje. Apolisi aja anamanga kachisakasa, wina anakwatira pomwepo. Anthu amachokera kutali kudzaona mmisiri atakhala m'kati mwa ntchito yake, ndipo iye amawafotokozera za luso kuchokera pansipo, iwo atasuzumira m'mphepete.

Nasibeko atamva, anamanga chiwaya chake pamutu, ana kutsogolo, n'kukakhazika malonda pamwamba pa dzenjelo. Zigege zimatha dzuwa lisanapendeke. Chakudya cha mwamuna wake amachitsitsa pa chingwe, chikwiyire chikwiyire, koma ndiwo zake zimakhala zankhuli.

Tsiku lina a Gwaladi, podutsa pa kabaza, anaima kuti apepese.

"Mayi, ine ndimafuna kuthandiza. Pepani kwambiri. Nanga tilembe dandaulo kuti am'tulutse?"

Nasibeko anasuzumira m'dzenje. Pansipo Jailosi anali atazunguliridwa ndi ana a sukulu, manja ali m'mwamba, akuwalongosolera za mimba za anthu.

"Am'tulutse apite naye kuti, a Gwaladi? Akatuluka apa ndiye ku Pumulani. Musiyeni." Anatembenuza zigege m'mafuta. "Ndipo chikwatirane, ino ndi nthawi yoyamba imene dzuwa likalowa ndimadziwa kumene ali."